Nyesi pa chivindikiro: mmene tinakonzera makina anga a laser

Linali sabata lachiwiri la Disembala, mvula itavumba masiku atatu osakata, pamene makina anga a laser anayamba kulira mwachilendo. Ndinali ndi oda ya ukwati, timitima 80 ta pulayiwudu tolembedwa mayina a akwati, toti tikaikidwe pamatebulo. Nditadula 30, ndinamva kaphokoso kumbuyo kwa makinawo, kokhala ngati mafuta akuthetheka m'chiwaya mukaponyamo tchipisi chonyowa. Singano ya mita yapatsogolo, imene nthawi zonse imaima nji pa 12 ndikamadula, inayamba kukwera, kugwa, kukweranso. Pathabwa mzere unatuluka wodukaduka, pena wadula mpaka kuseri, pena wangokanda pamwamba.

Makina angawa ndi aja amadziwika kuti K40, opangidwa m'mafakitale osiyanasiyana ku China, amene poyamba ankagulidwa kwambiri ndi osema zidindo za labala. Ine ndinawagula kwa munthu ku Johannesburg atagwira kale ntchito, anabwera pabasi mpaka ku Blantyre, ndipo amakhala m'kachipinda kakuseri kwa nyumba yathu ku Chilomoni. Malo ake odulira ndi ang'ono, masentimita 30 m'litali ndi 20 m'lifupi, koma ndi amene amalipira fizi ya ana anga. Masiku ano ndikuona anyamata ndi atsikana ambiri akugula makina otere kuti azidula zolemba za pakeke, zokolowekera makiyi ndi zikwangwani. Ambiri amadziwa bwino kompyuta, koma za zimene zili kumbuyo kwa bokosilo palibe anawauzapo, monga mmene zinalili kwa ine.

Kumbuyoko kuli chubu chagalasi chotalika masentimita pafupifupi 70, ndipo mkati mwake muli mpweya wosakaniza wa carbon dioxide, nitrogen ndi helium. Kuti mpweyawo uyake, kabokosi kotchedwa power supply kamatenga mavolti 230 a pasoketi n'kuwakweza kufika cha m'ma 20,000 poyatsa, kenako cha m'ma 15,000 chubu chikamayaka. Magetsi amenewa amayenda mu waya wonenepa wofiira kupita kumutu kwa chubu, kumene amati anode. Akadutsa mumpweya muja amatulukira mbali inayo, ku cathode, pa kawaya kowonda kamene kamadzera pa mita kasanabwerere ku power supply. Apa pagwireni, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa: mitayo imawerenga magetsi okhawo amene adutsa m'chubu. Akapeza njira ina yachidule panja, singano imagwa ngakhale power supply ikugwira ntchito mwamphamvu.

Zimene ndinachita madzulo amenewo ndi zimene ndikukupemphani kuti musachite. Ndinaganiza kuti makalilole owongolera kuwala kwa laser ada ndi utsi, ndiye ndinawapukuta onse atatu pamodzi ndi lenzi. Palibe chinasintha. Kenako ndinati mwina thabwa lamwa chinyezi, choncho ndinapotokola kabatani ka mphamvu. Chubu cha K40 sichifuna kupyola 18 mA (ma milliamp, muyeso wa magetsi umene singano ija imaonetsa), ndipo ofuna kuti chikhalitse amathera pa 15. Ine ndinakankha mpaka cha ku 20. Phokoso lija linakula, m'chipindamo munamveka kafungo kakuthwa kolowa m'mphuno, ndipo pulogalamu ya pakompyuta yoyendetsera makinawo, K40 Whisperer, inayamba kumataya makina ngati munthu akuzula USB. Nditayambitsanso ntchito, ndinawerama kuti ndione chingwe cha USB, dzanja lamanzere n'kutsamira pa chivindikiro, pamalo posupuka penti. Nyesi inandimenya kuchokera m'chikhatho mpaka m'phewa, ndipo ndinangozindikira ndakhala pansi. Mwayi wake ndinali nditavala nsapato za labala, pansi pali pouma. Mkono unachita dzanzi kwa nthawi yaitali. Mayi a kunyumba anaumirira kuti tipite kuchipatala akandione mtima usiku womwewo, ndipo ankanena zoona. Nyesi ikakudutsani m'thupi chonchi musamangoti zatha, pitani akakuyezeni.

M'mawa mwake ndinali nditagamula kale mlandu: chubu chafa. Ndinayamba kufufuza mtengo wa chatsopano ndi mmene chingafikire kuno chisanasweke panjira. Mayi a kunyumba ndi amene anandikumbutsa za bambo wina wachikulire wokonza ma TV mumsika wa Ndirande, amene anatikonzera TV yathu yakale ija yamsana waukulu. Anati, "Musanataye ndalama, kawaitaneni Madala aja adzaone kaye." Ndinakayikira, poti Madalawo anali asanaonepo laser. Koma nditawafotokozera za waya wofiira ndi phokoso lothetheka, anagwedeza mutu ngati ndikuwauza za mnansi wawo. Ma TV akale aja, iwo anati, nawonso amakhala ndi waya wofiira wopita pamsana pa galasi, wonyamula mavolti cha m'ma 25,000, ndipo chimene chimakweza mavoltiwo ndi katiransifoma kotchedwa flyback. M'makina mwangamo namo muli flyback.

Anabwera masana atanyamula chikwama cha zida ndi paipi yapulasitiki yotalika pafupifupi mita imodzi. Kunsonga kwa paipiyo anamangako msomali, ndipo pamsomaliwo panachokera waya wautali wokhala ndi kopanira kumapeto. Asanakhudze chilichonse anandifunsa kuti, "Mphwanga, pulagi ili kuti?" Ndinawauza kuti ndazimitsa pa switchi. "Sindinafunse za switchi. Zulani, muiike pomwe tonse tikuiona." Ndinazula n'kuiika pamwamba pa makina. Tinakhala pabenchi mphindi makumi atatu tikumwa tiyi, ndipo atadzuka anapana kawaya kaja pachitsulo chosapenta cha bokosi, pafupi ndi pomwe power supply inamangidwa. Atatero anagwira paipi kumapeto kwenikweni, dzanja linalo lili m'thumba la thalauzi, n'kulowetsa msomali pansi pa labala wophimba anode mpaka unakhudza chitsulo. Anausiya pamenepo masekondi angapo, anauchotsa, n'kubwerezanso. Za dzanja la m'thumbalo anandifotokozera kuti nyesi ikalowa dzanja limodzi n'kutulukira linalo imadutsa pamtima. Anawonjezera kuti ntchito imeneyi sagwira munthu ali yekha m'nyumba, ndiponso sagwira atavala mphete kapena wotchi yachitsulo.

Ndinawapatsa multimeter yanga, mita yoyezera magetsi, kuti tiyeze waya wofiira uja. Anaitembenuza n'kundionetsa pomwe palembedwa 600 V. "Iyi ndi ya magetsi a m'nyumba. Mukaigunditsa pa 20,000, moto udumpha kudzera m'pulasitikimu kukupezani m'manja." Mbali ya mavolti ambiri siyezedwa ndi mita wamba, ndipo tepi yakuda ija timakulungira mawaya nayonso malire ake ndi omwewo, cha m'ma 600. Anandichenjezanso za zinthu ziwiri zimene sindinkazidziwa. M'kati mwa power supply muli makapasita akuluakulu amene amasunga mavolti oposa 300, ndipo akhoza kuwasungabe makina atazima. Komanso buleka ija ya m'nyumba imene imagwa munthu akagwidwa nyesi siingakutetezeni mukagwira waya wofiira, chifukwa magetsi amenewo achokera kuseri kwa tiransifoma, kumene bulekayo siona.

Ndinkayembekezera kuti tiyambira pa chubu, koma Madala anayambira pa pulagi. Anaika multimeter pamalo oti izilira mawaya akalumikizana, nsonga imodzi pa dzino lalitali la pulagi, lija la earth, inayo pachitsulo chosapenta cha bokosi. Zii. Tinalondola waya wa earth m'kati mwa makina mpaka pa kabawuti kakumbuyo, ndipo apo tinapeza kuti kabawutiko kanali pakati pa timawashala tapulasitiki, pansi pake pali penti. Waya unalipo, womangidwa bwinobwino, koma sunkakhudza bokosi. Ndinamva pambuyo pake kuti vuto limeneli limapezeka pa makina ambiri a mtundu umenewu. Vuto lachiwiri linali langa: makinawo ndinkawalumikiza kudzera pa extension yotchipa imene, titaitsegula, inali ndi mawaya awiri okha m'malo mwa atatu. Ndiye kuti moto umene unkadumphira pabokosi unalibe kolowera, unkangodikira woti akhudze. Tinachotsa timawashala tija, tinapala penti ndi sandipepa mpaka chitsulo chinawala, tinaikapo washala wamano, n'kumanga kolimba. Multimeter inalira, ikuonetsa zosakwana ohm imodzi. Extension ndinaitaya, ndipo sabata lomwelo ndinaitana wamagetsi wokhala ndi chiphaso kuti ayeze earth ya nyumba yonse, poti waya wa makina ukhoza kukhala bwino koma soketi ya pakhoma ilibe kanthu.

Earth siichiza kuthetheka, imangopatsa moto njira yoti udutse m'malo modutsa mwa inu. Matenda enieni tinali tisanawaone, ndipo tinadikira mdima. Madala anakana zoti munthu aime kumbuyo kwa makina akuyaka, chivindikiro cha chubu chili chotsegula. Pali zoopsa ziwiri kumeneko: magetsi, ndi kuwala kwa laser yeniyeniyo, kumene maso saona chifukwa ndi infrared, koma kumawotcha diso kapena khungu nthawi yomweyo. Choncho tinatsamiritsa foni yanga panjerwa, pafupifupi mita imodzi kuchokera pa chubu, n'kuiyambitsa kujambula. Tinayatsa pampu ya madzi oziziritsa chubu, tinaona kuti madzi akubwerera m'ndowa, tinavala magalasi oteteza, tinatsitsa mphamvu, tinazimitsa nyali. Ine ndili kutsogolo ndinadina batani la test kwa sekondi imodzi, kawiri. Kenako tinazula pulagi, tinadikira, paipi ija n'kugwiranso ntchito yake, ndipo pamenepo m'pamene tinakatenga foni.

Kanemayo anatiuza zonse. Mkati mwa chubu munkayamba kuoneka kuwala kofiirira motuwira, mtundu umene chubu chamoyo chimakhala nawo, koma nthawi yomweyo kamoto koyera mobiriwira kankalumpha kuchokera pa anode kupita kukhoma lachitsulo la bokosi, ndipo kuwala kwa m'chubu kunkazilala. Titawalitsa tochi tinaona kabowo kakang'ono pa labala wophimba anode, kanjira kakuda kopyapyala ngati tsitsi kotsika pagalasi, ndi kachipsera pakhoma pomwe motowo unkatera. Madala anadutsitsa chala pansi pa chubu n'kundionetsa. Chinali chonyowa.

Apa ndinazindikira kulakwa kwanga. M'mwezi wa Okutobala, dzuwa litafika poipa, madzi a m'ndowa ankatentha msanga, ndiye ndinayamba kuponyamo mabotolo a madzi oundana a m'firiji. Chubu chimafuna madzi ozizira, cha pakati pa madigiri 15 ndi 20, ndipo akapyola 25 mphamvu imatsika, chubu n'kumakalamba msanga. Koma ine ndinkaponyamo mabotolo anayi nthawi imodzi, madzi n'kuzizira kwambiri. Mu Okutobala mpweya unali wouma, ndiye palibe chinachitika. Mvula itayamba, mpweya unadzaza chinyezi, ndipo chubu chinayamba kuchita thukuta ngati botolo la Fanta lotuluka m'firiji. Thukutalo linasakanikirana ndi mwaye wa pulayiwudu ndi fumbi zimene zinaunjikana kumbuyoko kwa miyezi yambiri ndisanapukuteko. Mumpweya wouma magetsi amafuna mavolti pafupifupi 3,000 kuti adumphe milimita imodzi, koma pagalasi lonyowa ndi lakuda amakwawa mtunda wautali kuposa pamenepo. Ndipo akangodutsa kamodzi amasiya kanjira ka makala. Makala amadutsitsa magetsi, choncho ngakhale malowo ataumanso, njira ija imakhalapobe. N'chifukwa chake kupukuta kokha kapena kumatapo silikoni pamwamba pa zopserera sikuthandiza. Chilichonse chakuda chiyenera kuchoka.

Ntchito yokonzayo inafuna manja odekha kuposa nzeru. Pa anode pali kachitsulo kakang'ono kotuluka m'galasi, ndipo kakathyoka kapena galasi likang'aluka m'mbali mwake, mpweya umathawa, chubu chatha. Madala anadula labala wakale pang'onopang'ono ndi lezala, osakoka, osapotokola, mpaka kachitsuloko kanaoneka. Waya wofiira tinaudula masentimita asanu kuti tichotse mbali yonse yopserera, ndipo tinauyang'ana utali wonse mpaka ku power supply. Pabowo pomwe umadutsa pakhoma la bokosi tinapeza kuti chitsulo chakuthwa chinayamba kuudya, ndiye tinauveka kapaipi ka silikoni pamenepo usanaboole. Galasi tinalipukuta ndi sipiliti mpaka kanjira kakuda kanatheratu, kachipsera ka pakhoma tinakapala, ndipo pakati pa anode ndi khomalo tinamatapo chidutswa cha perspex, pulasitiki yolimba ija yooneka ngati galasi. Ndinafunsa ngati tiwotcherere wayawo ndi soldering iron. Anakana. Kutentha kukhoza kung'alula galasi, ndipo mtovu sugwira bwino pa kachitsulo kameneko. M'malo mwake anasenda waya, anaupota bwino, anaukulunga mothina kuzungulira kachitsuloko, n'kumangapo ndi kawaya kakopa kowonda. Anayang'anitsitsa kuti pasatsale ngakhale kaubweya kamodzi ka waya koloza kunja, poti moto umayambira pansonga. Pamwamba pake anavekapo kapaipi ka silikoni n'kukadzaza ndi silikoni wamadzi mpaka osatsala mpata wa mpweya.

Za silikoniyu mumvetse. Uja wa m'bafa wonunkha ngati viniga ali ndi asidi amene amadya kopa pang'onopang'ono. Wofunika ndi wopanda fungo limenelo, wolembedwa kuti neutral cure, kapena uja wa zamagetsi wotchedwa 704. Ndipo ayenera kuumiratu mpaka mkati. Papaketi yake analemba maola 24, koma popeza tinathira wambiri, Madala anati tidikire masiku awiri. Ukwati unali Loweruka, ndipo ndinawachonderera kuti tiyese Lachitatu madzulo. "Kuona maso a nkhono n'kudekha, mphwanga," anatero, akutseka chikwama. "Mukayatsa ali wamuwisi, moto uboola, tiyambiranso poyamba." Lachinayi madzulo tinaikanso foni panjerwa. Chubu chinayaka chonse kuchokera kumutu mpaka kumchira, popanda phokoso, singano itaima nji. Timitima 50 totsala ndinatimaliza Lachisanu, ndipo tinakafika paukwati.

Ndikanakonda nkhani ikanathera pamenepo. Patatha masiku 9, ndikudula perspex, makina anangosiya kudula pakati pa mzere. Mutu wodulira unkayendabe, fani ikuzungulira, koma singano inali pa ziro. Ulendo uno sindinapotokole kabatani kalikonse. Ndinazula pulagi n'kuimbira Madala, ndipo tinayenda mwadongosolo, kuyambira pa zosavuta. Poti mutu unkayenda, tinadziwa kuti fyuzi ili bwino ndipo mavolti 24 oyendetsa mamota akutuluka. Batani la test lapatsogolo silinachite kanthu. Pa power supply penipenipo palinso kabatani kena ka test, kamene sikadzera pa bodi yolandira malamulo a kompyuta. Kameneka n'kothandiza kwambiri: mukakadina chubu n'kuyaka, ndiye kuti chubu ndi power supply zili bwino, vuto lili pa switchi, pa mawaya ang'onoang'ono kapena pa bodi. Koma kali pafupi ndi pomwe pamalowera magetsi a 230, choncho tinakadina ndi kamtengo kouma, pampu ikuyenda, zivindikiro zinazo zili zotseka. Panangomveka kulira kwapansipansi ngati udzudzu, singano osasuntha.

Tinazula, tinadikira, tinagwiritsanso paipi ija. Tinayeza kawaya ka cathode kuchokera pachubu, kudutsa pa mita, mpaka ku power supply, ndipo kanali kolumikizana. Kawaya kameneka anthu amakaderera chifukwa n'kowonda, koma kakaduka makina akuyaka, mbali yotsalira kuchubu imanyamula mavolti ambiri aja. Chubu tinachiwalitsa ndi tochi: panalibe mng'alu, ndipo m'kati mwenimweni, momwe mumakhala mpweya, munalibe madzi. Potsiriza Madala anamasula power supply, anatsitsa magetsi a m'makapasita ndi resistor yawo, anayeza kuti atsimikize, n'kutsegula. Flyback inali ndi mng'alu m'mbali, malo ozungulira atapsa mofiirira. Anati m'ma TV akhala akuona zomwezo kwa zaka zambiri: kuthetheka kulikonse kumaivulaza mkati, imapirira kwa kanthawi, kenako imagonja. Madzulo aja ndinakankhira singano ku 20 moto ukudumphira pabokosi, ndi pamene ndinaipha, kungoti inachedwa kufa.

Flyback imagulitsidwa payokha, ndipo wodziwa akhoza kuisintha ngati wapeza yofanana ndendende. Ine ndinasankha kugula power supply yonse, chifukwa Madala anati ma transistor oiyendetsa nawonso mwina anavulala, ndipo sindinafune kudikira katundu kawiri. Ndisanazule mawaya ndinawajambula ndi foni mbali zonse, ndipo ndinamata kapepala pa waya uliwonse kolembedwa chilembo cha pomwe unachoka: P, G, K, IN, 5V, L, 24V. Izi zinandipulumutsa, chifukwa ma power supply a K40 sapangidwa mofanana onse, ndipo yatsopanoyo inali ndi malo ena osinthana. Musamatsatire malo, muzitsatira zilembo. Ina imabweranso ndi kaswitchi kosankha 110 kapena 220, kamene muyenera kukaona musanalumikize pasoketi ya kuno. Yatsopanoyo inabwera ndi waya wake wofiira, ndipo tinaufikitsa wathunthu mpaka pa anode, osaulumikiza pakati, kutanthauza kuti ntchito ya lezala ndi silikoni tinaibwerezanso, ndi masiku ake awiri odikira. Pa intaneti mudzaona anthu akuyesa power supply poyandikiza waya wofiira kuchitsulo kuti aone ngati moto ukudumpha. Madala nditawaonetsa anangoti, "Ameneyo sakudziwa chimene wagwira." Musayatse power supply waya wofiira usanalumikizidwe kuchubu.

Kuchokera nthawi imeneyo singano ija ndimaiwerenga ngati mmene namwino amawerengera kugunda kwa mtima. Ikaima bwino pamalo ake koma thabwa osaduka, ndimadziwa kuti magetsi akudutsa m'chubu, ndiye ndimayang'ana makalilole, lenzi, kutalika kwa mutu ndi kutentha kwa madzi. Zonsezo zikakhala bwino koma kuwala kwa m'chubu kwayera m'malo mofiirira, ndiye kuti mpweya wake wakalamba. Ikamavina pali phokoso lothetheka, ndimazimitsa pompo, osamaliza ngakhale mzere umodzi. Dziwaninso kuti nthawi zina chubu chokalamba ndicho chimayambitsa kuthetheka, chifukwa chikamavuta kuyaka, magetsi amasaka njira panja. Mukakonza anode bwinobwino moto n'kumadumphabe, chubu osayaka, pamenepo m'pomveka kukayikira chubu. Amene makina anu ali ndi manambala a peresenti m'malo mwa singano, manambalawo sakuuzani mA, ndipo pa makina ambiri 100 peresenti imapyola kutali zimene chubu chingapirire. Gulani kamita ka 30 mA, koma kaikidwe pa kawaya ka cathode, osati pa waya wofiira ngakhale pang'ono, ndipo akuikireni munthu wodziwa.

Madzi nawonso ndinasintha. Ndinkathira a pampopi, osadziwa kuti mchere wa m'madzimo umadutsitsa magetsi, pamene madziwo amayenda m'galasi lomwelo, kufupi ndi anode. Tsopano ndimagula aja amati distilled water, othira m'mabatire a galimoto, opanda asidi, ndipo ndimawasintha akangoyamba kuda. Ndowa ndi ya malita 20, yovindikira, ndipo muli thermometer. Botolo la madzi oundana ndimaponyamo limodzi, lotseka, pokhapokha madzi akapyola 22. M'nyengo ya mvula ndimayamba ntchito m'mawa, ndipo ndisanalumikize pulagi ndimatsegula kumbuyo n'kuwalitsa tochi pachubu kuona ngati pali thukuta kapena mwaye. Paipi ya msomali ija Madala anandisiyira, imakhala pakhoma pamwamba pa makina, ndipo mwana wanga wamkulu, amene wayamba kundithandiza kujambula pakompyuta, amadziwa kuti kumbuyo kwa bokosi safikako.

Flyback yopserera anaitenga Madala, akuti akawaonetse anyamata awiri amene akuphunzira ntchito pabenchi pawo, omwe sanakonzepo TV yamsana. Chubu chija ndinkafuna kuchitaya chikadalipo. Chikudula pulayiwudu ya mamilimita 3 singano ili pa 12, ndipo mawa m'mawa chili ndi zidindo zinayi za sukulu zoti chiseme.